Masekondi Khumi

Foni yanu siikufunsani kanthu. Mukailozetsa pa nkhope ya mnzanu, pa mbale ya nsima kapena pa khamu la anthu ku Heroes Stadium, imasankha yokha utali wa nthawi imene diso lake lidzakhala lotsegula, ndipo cimene imafuna n'cakuti cithunzi cikongole. Kukada imaonjezela nthawi, kukawala imacepetsa, inu osadziwa n'komwe. Pulogilamu yoyendetsa kamera ya pa telesikopu ilibe cifundo cimeneco. Pakona pali kabokosi kolembedwa kuti Exposure, ndipo kamangoyembekeza kuti munthu alembemo masekondi. Mukalemba nambala yolakwika, pulogilamu siikana, siicenjeza. Imajambula ndithu, nthawi zina cithunzi cokongola kuposa ca nambala yoyenela.

Niphunzitsa physics na masamu pa sekondale ina m'komboni kuno ku Lusaka, ndipo Lacitatu masana nimakhala na ana a kilabu ya JETS. Ambili a iwo akula mmene inenso ninakulila, kudziwa maina ocepa cabe a zakumwamba: Nthanda ya m'mamawa, imene kwenikweni ni pulaneti Venus, Nsangwe, na zitatu zija zondondozana zimene akulu amati Akamwiniatsatana. Zotsalazo ni nyenyezi basi. Timaziona monga misomali ya pa malata: mmene zinalili dzulo ndiye mmene zidzakhalila mawa.

Koma zilipo zosakhazikika. Kumapeto kwa 2019, nyenyezi yofiila ya Betelgeuse, imene ili capafupi na Akamwiniatsatana, inayamba kuzilala, ndipo pofika February 2020 aliyense woidziwa anali kuona na maso kuti yafooka. Pambuyo pake inabwelelanso. Ina yochedwa Mira, imene David Fabricius anaiona mu 1596, imawala na kuzimilila pa masiku pafupifupi 332, ndipo ikatsikilatu siioneka popanda telesikopu. Zina zimasintha cifukwa ni nyenyezi ziwili zozungulilana, ina ikupita kutsogolo kwa inzake. Zina zimafufuma na kuphwa monga cifuwa ca munthu wogona. Mu 1912, Henrietta Leavitt anaonetsa, pa nyenyezi 25 za mu Small Magellanic Cloud, kamtambo kaja kamene timaona kum'mwela usiku wa mdima, kuti pa mtundu wina wa nyenyezi zofufumazi, yowala kwambili ndiyo imacedwa kutsiliza ulendo wake. Kucokela pa mfundo imeneyo anthu anapeza copimila mitunda ya kumwamba. Zonsezi zinayambila pa nchito imodzi yooneka yonyozeka: kupima kuti nyenyezi yawala bwanji pa nthawi yakuti. Nchitoyo ni photometry.

Si nchito ya olemela okha. Alexander Roberts anali mphunzitsi ku Lovedale, ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, kuyambila m'ma 1880. Masana anali m'kalasi, usiku anali panja kuyelekezela kuwala kwa nyenyezi za kum'mwela na maso ake, kwa zaka zambili. Bungwe la AAVSO, limene linayamba ku America mu 1911, mpaka lelo limalandila zopima za anthu wamba kulikonse kumene ali, ndipo openya a kum'mwela kwa dziko ni ocepa poyelekeza na a kumpoto. Ici ndico cinanikopa. Nambala yocokela pa bwalo la fumbi la sukulu yathu ingakhale m'kaundula mmodzi na ya munthu wa ku Chile kapena ku Australia, ndipo wofufuza woitenga safunsa ngati woipima ali na nsapato. Amafuna cabe kuti ikhale yoona.

Zipangizo zathu n'zobweleka kwa mdala wina amene anapuma nchito ya ku migodi: telesikopu ya galasi la mamilimita 80, miyendo yake yokhala na kamota kotsatila nyenyezi, kamera ya CMOS yaikulu monga kacitini ka nsomba, na kagalasi kobiliwila kochedwa V filter, kamene opima nyenyezi amasewenzetsa kuti zopima zao zilingane. Laputopu ni yanga. Mu 2024, madzi atacepa mu Kariba cifukwa ca cilala, malaiti anali kupita maola ambili pa tsiku. Zinali zowawa pa zonse, kupatulapo cimodzi: kumwamba kwa Lusaka kunada mmene ana ambili anali asanakuonelepo. Koma mdima womwewo unatiikila malile. Kamota tinali kukayendetsa na batili ya motoka, laputopu inali na mphamvu ya maola atatu osakwana, ndipo makolo analola ana kukhala pa sukulu mpaka 22 koloko cabe, malinga mphunzitsi mnzanga wamwamuna na mlonda alipo, na minibasi yowapelekeza. Kupeza cilolezo cotelo kwa makolo a atsikana si cinthu cimene ungapemphe sabata iliyonse. Tinali na usiku umodzi.

N'cifukwa cake n'nasankha SX Phoenicis. Olin Eggen ndiye anatulukila kusintha kwake mu 1952. Imatsiliza ulendo wake wokwela na kutsika pa mamineti 79, pafupifupi cimodzimodzi na double period ya physics. Mira ingakudikilitseni caka, koma iyi mungaione ikukwela kawili ana asanayambe kuwodzela. Mu October imakhala kum'mwela cakum'mawa dzuwa likangolowa, ndipo imakwela mpaka usiku. Kuwala kwake kumayenda pakati pa magnitude 6.8 na 7.5. Manambala amenewa amayenda monga malo a m'kalasi: wocepa nambala ndiye wamphamvu. Kusiyana kwa magnitude 5 ni kuwala kowilikiza ka 100, ndipo kusiyana kwa 0.75 ni kuwilikiza kawili. Conco nyenyezi yathu ikafika pamwamba imawala pafupifupi kawili kuposa ikakhala pansi. Sungani mfundo imeneyo.

Ca m'ma 19 koloko tinaipeza, n'nalemba 2 m'kabokosi kaja. Pa sikilini panabwela cithunzi cotuwa, kadontho kamodzi koyela pakati, tina tating'ono mbali na mbali. M'kilabu muli mnyamata wa giledi 11 amene Loweluka amathandiza amalume ake kujambula pa maukwati. Iye kamera amaidziwa, ndipo sabisa.

"Ba Madam, apa palibe vamene vioneka. Ikani 60."

N'namusiyila mpando. Analemba 60, tinadikila mineti yathunthu. Cithunzi citabwela ana onse anafuula. Nyenyezi zinali mbwee, yathu ili pakati, yonenepa, yoyela mbuu.

"Manje iyi ndiye photo!"

N'namuuza kuti aike mouse pakati peni-peni pa nyenyeziyo, awelenge nambala imene pulogilamu ionetsa pansi.

"65,535."

"Sendeza pang'ono."

"65,535."

"Sendezanso."

"Ni imodzi-modzi, ba Madam."

"Nanga ikawala kawili kuposa apa, nambala idzakhala zingati?"

Sanayankhe. Mtsikana wa giledi 10 amene anali kusunga buku lathu la zolemba ndiye anakamba, maso ali pa pepala: "Izakhala yamene iyo."

Aliyense wokulila m'komboni aidziwa kale nkhani imeneyi, cabe sanauzidwe kuti ni physics. Diso la kamera lili na tumaselo mamiliyoni tochedwa ma pixel, ndipo kalikonse kali monga cigubu pa pompi. Kuwala kukagwa, kumamasula ma electron amene amaunjikana mmenemo monga madzi. Exposure ni nthawi imene pompi ikhala yotsegula. Ikatha, kamera imayendela zigubu zonse na kulemba kuculuka kwa madzi a mu ciliconse. Kamera yathu imapeleka nambala kuyambila 0 mpaka 65,535, cifukwa imasewenzetsa ma bit 16, ndipo 2 kumuwilikiza yekha ka 16 ni 65,536. Cigubu cikadzala, cadzala. Kaya mwacisiya pa pompi mineti imodzi yoonjezela kapena ola lonse, wogulitsa madzi adzalemba cigubu cimodzi, otayikawo apita mu ngalande osawelengedwa. Cithunzi ca mnyamata uja cinali cokongola cifukwa nyenyezi inali itasefukila. Cinali kutiuza kuti pamenepo pali nyenyezi, koma cinali citaleka kutiuza kuti yawala bwanji.

Ndiponso kamera imayamba kunama isanafike pa 65,535. Izi tinali titaziona kale Lacitatu lapitalo. Tinatseka makatani mu labu, tinamanga sikipa yoyela kukamwa kwa telesikopu, tinaunika cipupa na toci ya batili yatsopano, n'kujambula sekondi 1, masekondi 2, 4, 6, 8, kupitiliza. Ana analemba pa graph paper, nthawi pansi, nambala m'mbali. Unatuluka mzele woongoka, direct proportion yomwe ija imene amadana nayo pa mayeso: nthawi ikawilikiza, nambala iwilikiza. Koma titapitilila 55,000 mzele unayamba kuwelama. Kuwala kunali kuonjezeka mofanana, kamera ikuwelenga mopelewela. Kamera iliyonse ili na malo ake owelamila, ndipo sinikhulupilila nambala ya pa katoni kapena ya munthu wa pa YouTube amene ali na kamera ina. Kuyesa kumatenga mamineti 40. Denga lathu linali 55,000, ndipo mtsikana uja anali atalemba nambalayo na inki yofiila pa cikuto ca buku.

Tsopano bwelelani ku mfundo ija n'nati musunge. Pojambula cithunzi coyesela, simudziwa ngati nyenyezi ili pamwamba pa ulendo wake kapena pansi. Muyenela kuganiza kuti ili pansi, ndipo idzawilikiza. Cinanso, pa 19 koloko nyenyezi ikali m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wocindikala, wodzala fumbi na utsi wa October. Pamene ikwela, mpweya wa panjila umacepa, kuwala kofika pa kamera kumaonjezeka ngakhale nyenyeziyo isanasinthe kanthu. Pa ici tinasiyila gawo limodzi mwa magawo asanu. Tinawelengela cobwelela m'mbuyo: ngati coyesela cipeleka 18,000, kuwilikiza ni 36,000, kuikapo gawo lija ni 43,200. Tikali pansi pa denga, na malo opumila. Ndiye kuti cithunzi coyenela pa 19 koloko ni cija cooneka ca njala, cigubu cosafika ngakhale pa gawo limodzi mwa atatu. Kwa wojambula maukwati, kumeneko n'kuononga mwai. Munthu amene waimapo pa mzele wa madzi sacoka pa pompi na cigubu ca theka.

Apa m'pamene nkhani inavuta. Cithunzi cija ca masekondi 2, cimene ana anati palibe cooneka, cinali kale pa 40,000. Kutsatila masamu athu, tinafunika kutsika pansi pa sekondi imodzi. Ndipo kumeneko kuli cilombo cina.

Kuwala sikubwela monga madzi a mu paipi. Kumabwela m'madontho, mosalongosoka. Mukaima pa Kafue Road kuwelenga maminibasi kwa masekondi 10, mungapeze atatu, mnzanu wobwela pambuyo n'kupeza palibe, ndipo nonse simunanama. Mukawelenga kwa ola lathunthu, mayankho anu adzayandikana. Lamulo lake n'losavuta: kusatsimikizika kumalingana na square root ya zimene mwawelenga. Mukagwila ma electron 100, mungaphonye na 10, kumene ni 10 pa 100 alionse. Mukagwila 10,000, mungaphonye na 100, kumene ni 1 cabe pa 100, pafupifupi magnitude 0.01. Lamuloli lili na nkhanza yake: kuti mucepetse kuphonya na theka, mufunika nthawi yowilikiza kanayi. Nyenyezi yathu payokha inali na kuwala kokwanila, koma siipimidwa yokha. Timaiyelekeza na ina yosasintha ya m'cithunzi comweco, kuti utsi ukadutsa, uphimbe zonse ziwili mofanana ndipo kusiyana kwao kukhalebe koona. Yoyelekezela imene tinasankha inali yofooka pafupifupi kasanu na kamodzi. Pa theka la sekondi ikanakhala ya njala zedi, ndipo kuphonya kwake kukanalowa mu nambala iliyonse ya usikuwo.

Cinanso ni kuphethila. Tonse timakonda kuona nyenyezi zikuthwanima, koma si nyenyezi imene imacita zimenezo, ni mpweya. Mpweya wotentha na wozizila ukamasakanizika umapotoza kuwala, ndipo mu October, malata a komboni yonse akamabweza kutentha kwa masana, kumwamba kumawila. Kuphethila kumakula nyenyezi ikakhala m'munsi, ndipo kumavutitsa kwambili telesikopu yaing'ono monga yathu. Mukajambula kwa theka la sekondi, mumagwila nyenyezi ili pakati pa kuphethila, cithunzi cina yawala, cotsatila yazilala, ndipo mungalembe kuti yasintha pamene ni mpweya wa pamwamba pa Chawama. Mukatsegula masekondi 10, kukwela na kutsika kumeneko kumafafanizana kwambili. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze kudekha masekondi angati.

Conco nambala inafunika kucepa kuti cigubu cisasefukile, ndiponso kukula kuti tisapime mphepo. Njila yotulukila ni imene wojambula maukwati aliyense angaione monga chimo: kusokoneza focus mwadala. N'napotoza kagudumu pang'ono-pang'ono, tunyenyezi tonse tunafufuma n'kukhala tumabwalo.

"Ba Madam, mwapanga vitumbuwa," anatelo wina kumbuyo.

Zoona, zinali vitumbuwa. Koma kuwala kumene kunali kuthila m'zigubu zocepa tsopano kunamwazikila m'zigubu zambili, ndipo palibe cimene cinali pafupi kudzala. Popima, pulogilamu imajambula kabwalo kuzungulila nyenyezi na kuphatikiza zonse zili mkati, conco kuwala sikutayika. Mumangosamala kuti musapitilize: citumbuwa cikakula kwambili cimakhudzana na nyenyezi yoyandikana nayo, ndipo yoyelekezela yofooka ija imayamba kumila mu kuwala kwa thambo. Tinayesa masekondi 5, tinapotoza, tinayesa 8, tinapotozanso. Pa masekondi 10 pixel yowala kopambana inapeleka 18,200.

Mnyamata uja sanagonje msanga, ndipo funso lake linali labwino. Ngati kusokoneza focus kulola masekondi 10, bwanji osasokoneza kwambili n'kufika pa 60 pake paja, kapena mamineti asanu, kuti kuphonya kuceperetu?

Yankho loyamba lili m'miyendo ya telesikopu. Dziko limazungulila madigili 15 pa ola, ndipo kamota kamatsatila bwino pokhapo ngati mwakalozetsa ndendende ku nsonga ya kum'mwela ya thambo. A kumpoto ali na Polaris yowatsogolela. Ife tili na Sigma Octantis, yofooka moti ngakhale kumudzi imavuta kuiona, ndipo kuno ku Lusaka ili madigili 15 cabe pamwamba pa nthaka, kuseli kwa mpanda wa sukulu na utsi wa mbaula. Tinalozetsa na kampasi ya pa foni, ndipo tikapitilila masekondi 30 nyenyezi zinali kuyamba kukoka mcila. Yankho laciwili lili mu nyenyezi yomweyo. SX Phoenicis imakwela msanga kuposa mmene imatsikila, ndipo pamwamba siikhalitsa. Cithunzi ca mamineti asanu cimaphatikiza zonse zocitika m'mamineti asanuwo n'kupeleka nambala imodzi, monga lipoti ya temu imene imabisa tsiku lija munapeza 90. Nsonga imaphwanyika, ndipo ulendo wonse wa mamineti 79 umakhala na madontho 16 cabe. Kwa Mira, ya masiku 332, mamineti asanu si kanthu. Nthawi yoyenela siili m'buku la kamera. Imadalila nyenyezi imene mwasankha, galasi limene muli nalo na mpweya wa usiku umenewo.

Tinakhazikika pa masekondi 10, kupuma 10, zithunzi zitatu pa mineti. Tisanayambe tinalumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni kuti koloko yake ikhale yolondola, cifukwa nambala ya kuwala yopanda nthawi yoona ilibe nchito. Opima nyenyezi amalemba nthawi ya UT, imene ili kumbuyo kwa ya Zambia na maola awili, ndipo amatenga ya pakati pa exposure, osati poyambila. Pa 19:30 mtsikana uja analemba 17:30 m'buku, n'kudina Start.

Cotsatila cinali covuta kuposa masamu onse: kusagwila kanthu. Maola awili na theka, zithunzi zotuwa zofanana zikubwela cimodzi-cimodzi, udzudzu ukuluma, jeneleta ya pa bala ina ikulila capatali. Dzanja limayabwa. Nyenyezi ikatsika umafuna kuonjezela nthawi, ikakwela umafuna kucepetsa, monga mmene foni imacitila. Koma ukasintha pakati, wadula ulusi. Kamera iliyonse imabala tuma electron twake ngakhale mu mdima, molingana na kutentha kwake na utali wa exposure, ndipo kuti ticotse zimenezo timajambula zithunzi za mdima, telesikopu ili yotseka, pa masekondi omwewo. Nambala iliyonse yatsopano ifuna zithunzi zake za mdima, ndipo batili yathu inalibe malo a zimenezo. Nchito imene n'napatsa ana inali imodzi: mamineti asanu alionse, kuwelenga pixel yowala kopambana na kuilemba. Inayamba kutsika, 17,000, 16,000, kenako inatembenuka. 24,000. 33,000. Pamene inafika 39,000 onse anali ataunjikana pa sikilini, mlonda nayenso, ndipo mnyamata wa maukwati ndiye anali kuwelenga mokweza. Inaima pa 41,000, n'kuyamba kubwelela. Kadontho kamene sakanakapeza na maso kanawasunga cete kuposa mmene ine n'nakwanitsilapo m'kalasi.

Pa 22 koloko tinaimitsa, tinavala telesikopu cisoti cake, tinajambula zithunzi 20 za mdima. Laputopu inazima minibasi ikulowa pa geti.

Lacitatu lotsatila tinalowetsa zithunzi 450 mu AstroImageJ, pulogilamu yaulele yopimila kuwala. Inayenda cithunzi na cithunzi, madontho akufola pa graph, mpaka panaoneka mapili awili, kutsogolo kotsetseleka kwambili, kumbuyo kotsika pang'ono-pang'ono. Ana anawelenga mtunda wa pakati pa nsonga ziwilizo na rula pa sikilini, unayandikila mamineti 79 aja. Ena anaomba m'manja. Mtsikana wa buku sanaombe.

"Ba Madam, phili yaciwili ni ifupi. Kapena ni utsi unapita?"

Limenelo ndilo funso limene wofufuza weni-weni amafunsa, ndipo tinali na poyankhila. Tinayelekeza nyenyezi yoyelekezela ija na ina yacitatu yosasintha: mzele wao unali wogona usiku wonse, conco si utsi. Tinatsegula buku lake: nsonga yoyamba 41,000, yaciwili 35,000, zonse pansi pa inki yofiila ija, conco si kamera. Cotsala cinali nyenyezi. SX Phoenicis imagunda m'njila ziwili nthawi imodzi, kwina mamineti 79, kwina pafupifupi 62, monga ng'oma ziwili zosiyana liwilo. Zikakumana, nsonga imatalika. Zikasemphana, imafupika. Izi akatswili anazidziwa kale, sitinatulukile catsopano. Koma mwana wa giledi 10 anaziona yekha mu manambala amene analemba na dzanja lake, asanauzidwe kuti ziliko. Tikanalemba 60, nsonga zonse ziwili zikanametedwa na denga la kamera, kusiyana kwao kukanabisika, ndipo graph ikanaoneka yaukhondo kuposa iyi. Tikanaipacika pa cionetselo ca JETS, mwina n'kuwina nayo, popanda wotsutsa.

Sinidana na zithunzi zokongola. Usiku wina, wopanda ana ambili, n'namusiyila telesikopu mnyamata uja kuti ajambule 47 Tucanae, mulu wa nyenyezi umene uli pafupi na kamtambo ka Leavitt, ndipo anatulutsa cinthu cimene n'naika pa sikilini ya foni yanga. Pa Facebook cinakondedwa na anthu ambili. Graph yathu inakondedwa na aphunzitsi a masamu na amai ake a mtsikana uja. Cimene nimakana n'kusakaniza nchito ziwilizi, cifukwa zida n'zimodzi, kabokosi n'kamodzi, ndipo palibe cimene cimakuuza kuti wacoka pa kupima wayamba kukongoletsa. Zopima zathu sitinazitumize ku AAVSO. Nifuna tibwelezenso mausiku awili, tione ngati tidzapeza zogwilizana, tisanaike dzina la kilabu pa nambala imene munthu wa kutali adzaikhulupilila osationa.

Pamene nilemba izi mvula ili mkati, telesikopu ili mu kabati. Kumwamba kukatseguka mu April, ana afuna l Carinae, imodzi mwa nyenyezi za mtundu uja wa Leavitt, imene imatenga masiku 35 na theka. Liwilo lake silivuta, dontho limodzi pa usiku n'lokwana. Vuto n'lakuti imaoneka na maso, yowala kuposa SX Phoenicis koposa ka 20, moti masekondi athu 10 angatsike kufika pa theka la sekondi, pakati peni-peni pa kuphethila. Mnyamata wa maukwati akuti tiphimbe galasi na katoni yoboola pakati. Mtsikana wa buku anawelengela kuti bowo la mamilimita 40 lidzalowetsa gawo limodzi mwa anayi, la 20 gawo limodzi mwa 16, koma anakumbutsanso kuti galasi likacepa kuphethila kumakula, ndipo nyenyezi yoyelekezela nayonso idzafooka. Iye akuti tijambule zithunzi zifupi-zifupi zambili n'kutenga average. Sanagwilizane. Adula kale zivundikilo zitatu pa katoni ya saladi, ca 40, ca 30 na ca 20, ndipo zili mu kabati pamwamba pa buku.